Tisanafulule, Tiyambe Talifunsa Thumba

Mawu a mlangizi wa zaulimi wa dera lathu pa tsiku lokondwerera zaka khumi za kopaletivi

Ndikudziwa kuti ena mukuyembekezera kuti ndiyamba ya feteleza kapena ya mitengo ya thonje. Lero ayi. Lero ndikamba za thumba lija lili pakona kuchipinda, limene munasunga chaka chatha kapena chinzake, lija mumati mukaliona n'kunena kuti, "limeneli ndi la chimera." Funso langa ndi limodzi basi: mungadziwe bwanji kuti mapira, mchewere, mawere kapena chimanga chimene chakhalitsa chikadali choyenera kufululira thobwa kapena mowa?

Wina anena kuti, kodi a alangizi, pa tsiku lachisangalalo ngati lino nkhani ya mowa yabweramo bwanji? Yabweramo chifukwa thobwa limene tikumwa panoli lachokera ku chimera. Yabweramo chifukwa amayi ambiri muli pano fizi ya ana, sopo, ngakhale masheya a ku banki m'khonde mumawapeza kuchokera mu mgolo. Komanso m'zaka khumi zimenezi madzi atilowera m'nyumba kangapo: Idai mu Malichi 2019, Ana mu Januwale 2022, Freddy mu Malichi 2023. Kwa ife okhala m'mbali mwa dambo la Elephant Marsh, kaya ndi tsidya la Nchalo ndi Ngabu, kaya ndi ku East Bank mpaka ku Makhanga ndi Chiromo, thumba lonyowa si chinthu chachilendo. Chimene chimasiyana ndi zimene timachita nalo madzi akaphwa.

Ife tili ndi chizolowezi, ndipo inenso ndinakulira momwemo. Tikamasankha zokolola timaunjika milu itatu: wabwino wa nsima, wabwino wina wogulitsa, ndiye wachitatu wa zofumbwa, zakuda ndi zoola. Mulu wachitatuwu sititaya. Timati, "izi n'za mowa, moto upsereza zonse." Ndikuuzeni chilungamo, ngakhale nditabwera ndi satifiketi yanga kuchokera ku koleji ya zaulimi, zaka zoyambirira ndinkaona mulu umenewu pakhomo pa mlimi n'kungodutsa. Maso anga anali pa mbewu yobzala ndi ya malonda. Imene inanditsegula maso ndi nkhani ya anansi athu a ku Tete.

Mu Januwale 2015, mwezi womwe uja madzi anazinga Makhanga, ku Chitima m'boma la Cahora Bassa ku Mozambique kunali maliro. Anthu anamwa mowa wa masese, umene kumeneko amati pombe. Anthu oposa 200 anadwala ndipo 75 anamwalira, kuphatikizapo mayi amene anafulula mowawo. Poyamba mphekesera inali yoti wina wathiramo ndulu ya ng'ona. Mukudziwa mmene nkhani zotere zimayendera pamudzi, chala chimayamba kuloza munthu. Koma akatswiri atayeza mowawo ndi ufa wake anapeza kuti munalibe ndulu ya ng'ona. Munali poizoni wotchedwa bongkrekic acid, wopangidwa ndi tizilombo tosaoneka ndi maso timene tinaswana mu ufa wa chimanga umene unanyowa ndi madzi osefukira. Ufawo unaoneka kuti sungadyedwe, koma anthu anaganiza kuti ku mowa ulibe vuto. Ndi maganizo omwe aja a mulu wachitatu. Poizoni ameneyu samveka fungo, samveka pakamwa, kuwiritsa sikumupha, ndipo alibe mankhwala omuthetsa akalowa m'thupi.

N'chifukwa chake muyeso woyamba suli m'maso kapena m'mphuno. Muyeso woyamba ndi mbiri ya thumba. Musanamasule chingwe, dzifunseni mafunso atatu. Kodi thumbali linanyowapo? Kodi linathiridwa mankhwala anji? Kodi ndikulidziwa kumene lachokera?

Pa funso loyambalo ndilibe zonyengerera. Mbewu kapena ufa umene unamira m'madzi osefukira, kapena unadonthedwa ndi denga n'kukhala masiku uli wonyowa m'thumba, usapite ku nsima, usapite ku thobwa, usapite ku mowa. Ngakhale munauyanika pambuyo pake n'kuuma gwa. Dzuwa limachotsa madzi, silichotsa poizoni amene wapangika kale. Komanso madzi osefukira amakhala atadutsa m'zimbudzi ndi m'makola.

Pa funso lachiwiri, tisiyanitse. Mankhwala a ufa osungira mbewu zodya, monga Actellic, ngati munathira mulingo wolembedwa pa botolo ndipo nthawi imene analemba yakwana, mupete bwino, mutsuke, mugwiritse ntchito. Koma kuno timalima thonje, ndipo ndaonapo ndi maso anga munthu atawaza mankhwala a thonje pa mapira kuti anankafumbwe asalowe. Mapira amenewo si chakudya ayi. Chimodzimodzi mbewu yotsala pobzala, ija imakhala ndi utoto wofiira kapena wobiriwira. Utotowo ndi chenjezo. Kutsuka kumachotsa mtundu, koma si umboni woti mankhwala achoka.

Funso lachitatu likukhudza inu amene mumagula pamsika. Thumba lotchipa modabwitsa lili ndi chifukwa chake. Funsani kuti linakololedwa liti, linasungidwa pati, ndipo pisani dzanja mpaka pansi, osangoona za pamwamba. Paja safunsa anadya phula.

Thumba likadutsa mafunso atatuwa, tsopano liyeseni ndi thupi lanu. Khuthulani pa mkeka kapena pa lona kunja kukuwala, osati m'nyumba mwamdima. Tapani pamwamba, pakati, pansi ndi mbali imene inatsamira khoma, chifukwa chinyontho chimayambira pamene thumba lagunda dothi kapena khoma. Yang'anani mtundu. Mapira abwino amakhala owala, njere iliyonse payokha. Mukaona njere zagwirana zibuma, zili ndi ufa wobiriwira, wachikasu, wakuda kapena wofiirira, chimenecho ndi chuku. Mukaona timaulusi ngati ta kangaude, mwalowa njenjete. Nunkhizani. Fungo la m'nyumba yotsekedwa nthawi ya dzinja, fungo lowawasa, fungo la mkodzo wa makoswe, lililonse mwa amenewa likukwanira kulikana thumbalo. Pisani dzanja pakati. Mukamva kutentha, dziwani kuti m'katimo muli zamoyo zimene zikudya mbewu yanu.

Za chuku ndiima pang'ono, chifukwa ambiri timachiona ngati fumbi chabe. Mitundu ina ya chuku imapanga poizoni wotchedwa aflatoxin, yemwe uja amatibwezetsa mtedza kwa ogula. Amawononga chiwindi, amayambitsa khansa ya chiwindi, ndipo ana amene amamudya pang'onopang'ono kwa nthawi yaitali amapinimbira. Akachuluka amapha msanga: ku Kenya mu 2004 anthu 125 anamwalira atadya chimanga chimene chinali ndi poizoni ameneyu. Kuno kwathu, kafukufuku amene a Limbikani Matumba ndi anzawo anatulutsa mu 2011 anapeza aflatoxin mu chimera cha mapira ndi mu mowa wa masese wa m'chigawo chino cha kummwera. Nayenso aflatoxin safa ndi moto wa pamafuwa. Mukhoza kuwiritsa phala tsiku lonse, iye ali momwemo. Ndiye taganizani, mowa amamwa ndi akuluakulu, koma thobwa timapatsa ndani? Ana a sukulu, amayi oyembekezera, odwala, ndi anthu amene abwera kudzatithandiza kudimba.

Ngati njere zowonongeka zili zochepa, apo ndi apo, ndipo thumba silinanyowepo, sankhani ndi manja, petani, kenako thirani m'ndowa ya madzi. Zonse zoyandama ndi mphwepwa, yoolani mutaye. Koma ngati pa dzanja lililonse mukupeza zachuku, kapena fungo lija lilipo, musavutike n'kusankha. Thumba lonselo lapita.

Nanga anankafumbwe? Kufumbwa pang'ono si poizoni, mukhoza kupeta n'kuyanika. Vuto ndi lakuti tizilombo timadya m'kati mwa njere, nthawi zambiri mpaka kamtima kamene kamamera, ndipo mabowo awo ndi khomo la chuku. Njere yobooka ikhoza kupereka ufa, koma kumera n'kokayikitsa. Apa ndi pamene tifika pa miyeso iwiri imene aliyense angachite pakhomo popanda kulipira kanthu.

Woyamba ndi wa mchere, woyezera chinyontho. Mbewu yosunga iyenera kuuma kufika pa 13 peresenti kapena kutsikirapo. Makina oyezera si tonse tili nawo, koma botolo ndi mchere tili nazo. Tengani botolo lagalasi louma bwino lokhala ndi chitsekerero. Mchere muyambe mwauyanika padzuwa kapena kuukazinga pang'ono kuti uume. Thirani mbewu kufika gawo limodzi mwa magawo atatu a botolo, onjezani masipuni awiri kapena atatu a mchere, tsekani, khutchumulani kwa mphindi imodzi, siyani kwa mphindi 15, khutchumulaninso. Mchere ukamamatira m'mbali mwa botolo, mbewuyo ili ndi chinyontho chochuluka. Ngati ndi yongokolola kumene, ibwerere padzuwa. Ngati yakhala m'thumba miyezi ili choncho, ikayikireni kwambiri, muiyang'anenso kachiwiri ndi maso ndi mphuno. Achikulire amaluma njere: youma imathetheka, yonyowa imaphwanyika mwakachetechete. Nayonso ndi njira, koma ya mchere sinama kawirikawiri.

Wachiwiri ndi umene ndikufuna aliyense apite nawo kunyumba lero, womeretsa njere 100. Chimera ndi mbewu yamoyo. Njere ikamamera imatulutsa mphamvu imene imasandutsa phala kukhala lotsekemera, ndipo kutsekemerako ndi kumene kumadzasanduka mowa. Njere yakufa ilibe mphamvu imeneyi. Choipa kwambiri n'chakuti mukaiviika n'kuifunditsa pamodzi ndi zinzake, iyo simera, imangoola, n'kuyambitsa chuku pa mulu wonse.

Chitani chonchi. Sakanizani mbewu ya pamwamba, pakati ndi pansi. Werengani njere 100 osasankha zokongola, zimene zabwera m'dzanja ndi zomwezo. Ziviikeni usiku umodzi. M'mawa ziyaleni pa kansalu koyera konyowa, pindani, ikani m'mbale pamthunzi pamene nkhuku ndi makoswe safika. Muziwaza madzi m'mawa ndi madzulo kuti kansalu kasaume, koma kasamire. Kutentha kwa kuno, pofika tsiku lachitatu kapena lachinayi muona zonse. Werengani zimene zatulutsa muzu. Zikafika 90 kapena kuposa, viikani thumba lanu mtima uli m'malo. Zikakhala pakati pa 80 ndi 90, chimera chituluka koma chofookerapo, ndiye musankhe bwino musanaviike ndipo mudzathire chochulukirapo. Zikapanda kufika 80, ine malangizo anga ndi akuti musameretse. Ngati mbewuyo ndi yoyera, yopanda fungo, yosanyowapo, kagayitseni ikhale ufa wa phala, chimera mukapeze kwina. Chenjezo limodzi: mapira ongokolola kumene nthawi zina amachedwa kumera kwa masabata angapo, choncho amenewo musawaweruze msanga, dikirani muyesenso.

Mayi wina membala wathu, sinditchula dzina koma akumwetulira pakati panupa, anandiitana miyezi ingapo Freddy atadutsa. Anali ndi matumba awiri a mapira a chaka chapitacho. Limodzi linali pa thandala m'mwamba, madzi sanalifike. Linalo linanyowa kumunsi, iwo n'kuliyanika. Mwana anali atasankhidwa kupita ku sekondale, ndipo ndalama ya fizi imayenera kuchokera mu mgolo. Anati, "Alangizi, onsewa ndiviike, kutaya sindingathe." Lonyowalo ndinawauza kuti ayi, ndipo sanakondwe nane, masiku angapo moni wake anali wa pakamwa pokha. Louma lija tinawerengera limodzi njere 100, pafupifupi zonse zinamera. Anafulula theka la zimene ankafuna, ndalama inaperewera, gulu lawo la banki m'khonde linawabwereka yotsalayo. Sindikuuzani kuti thumba linalo likanapha munthu, chifukwa sitinaliyeze ku labotale. Chimene ndikudziwa n'chakuti anthu amene anamwa mowa wawo ndi anansi awo, azilamu awo, anthu opemphera nawo, ndipo mayiwo sanagone ndi nkhawa usiku umenewo.

Ena mumasunga chimera chopangapanga, chouma kapena chogaya kale. Chimenechi muyeso wa njere 100 sugwira, chifukwa chinamera kale. Chili ndi muyeso wakewake. Phikani kaphala kolimba m'kapu, kasiyeni kazizire kufika poti chala chikhoza kupirira, thiranimo sipuni imodzi ya ufa wa chimera, takasani, vundikirani. Chimera champhamvu chimasungunula phalalo m'mphindi zochepa, limakhala lamadzimadzi ndi lotsekemera. Likangokhala poo, chimera chatha mphamvu, ndipo mukachithira mu mgolo mwawononga ufa, nkhuni ndi masiku anu. Musathire phala likubwadamuka, kutentha kwambiri kumapha mphamvu ija. Dziwaninso kuti chimera chogaya chimayamwa chinyontho msanga kuposa cha njere. Ndi bwino kusunga cha njere, chouma bwino, m'chidebe chotseka, n'kumagaya chokwanira ulendo umodzi. Ufa wa chimera ukagwirana zibuma kapena ukamveka fungo lachilendo, musaulawe n'komwe.

Popeza tafika pa chimera, nditchule malo amene mbewu yabwino imaonongekera m'manja mwathu. Poviika, gwiritsani madzi a pamjigo, osati a m'thamanda, ndipo muwasinthe kamodzi kapena kawiri, osapitirira tsiku limodzi mbewu ili m'madzi. Pomeretsa, yalani mopyapyala pa masaka ochapa, muzitembenuza kuti mulu usatenthe. Masaka akuda a chaka chatha amabwera ndi chuku chawo. Poyanika, pa mkeka kapena pa lona, osati pa dothi, ndipo chiume msanga. Nthawi ya mitambo musaviike zambiri. Chikauma, fikisani ndi manja n'kupeta kuti timizu ndi timphukira tichoke. Paja mukudziwa kuti ng'ombe ikadya mapira ongophukira imatha kufa. Poizoni yemweyo amapezeka m'timphukira ta chimera cha mapira, ndiye kupeta kuja si ukhondo chabe.

Tsono zimene zalephera tizitani? Apa ndi pamene mtima umawawa, chifukwa ndi thukuta lathu. Yosamera koma yoyera, ndanena kale, ndi ufa. Koma yachuku, yonyowa ndi madzi osefukira, kapena ya mankhwala osadziwika, musapatse nkhuku, abakha, nkhumba kapena ng'ombe. Aflatoxin amapha nkhuku ndi abakha, ndipo ng'ombe kapena mbuzi ikamudya amatulukira mu mkaka umene mupatse mwana. Musagulitsenso kwa wofulula wa mudzi wina, chifukwa mowa umenewo mwina adzamwa ndi mwana wanu yemwe pa ukwati. Kumbani dzenje lakuya kutali ndi chitsime ndi mtsinje, kwirirani, kapena tenthani.

Kunena zoona, njira yotchipa kuposa zonse ndi kusafika pamenepo. Kuno kumatentha, mwezi wa Okutobala ndi Novembala ku Ngabu kumapitirira madigiri 40, ndipo m'mbali mwa dambo mpweya umakhala wa chinyezi. Kutentha ndi chinyezi ndi zimene zimafupikitsa moyo wa mbewu. Thumba limene ku Dedza lingakhale lamoyo nthawi yaitali, kuno limafooka msanga. Ndiye yanikani mpaka mchere uvomereze. Sungani m'matumba osalowa mpweya monga a PICS, amene amapha anankafumbwe popanda mankhwala, koma kumbukirani kuti thumba lotere silikonza mbewu yonyowa, limangosunga chimene mwaikamo. Ikani pa thandala, lotalikira ndi khoma, ndipo ife a kumadzi kuno thandalalo likhale lokwera ndithu. Chenjezo la madzi likamveka pa wailesi, matumba akhale m'gulu la zoyamba kusamutsa.

Kwa akomiti ndili ndi mapempho atatu, oti mukakambirane pa msonkhano wanu. Loyamba, thumba lililonse lolowa m'nyumba yathu yosungira katundu lilembedwe mwezi ndi chaka chimene linakololedwa, ndipo loyamba kulowa likhale loyamba kutuluka. Lachiwiri, mapira kapena mchewere umene tikugulitsa kwa opanga chimera uziyamba wayesedwa njere 100, zotsatira zake tizilemba m'buku. Wogula akadziwa kuti za ku kopaletivi zimamera, adzabweranso, ndipo sadzanyinyirika pa mtengo. Lachitatu, tigwirizane kuti zosankhidwa zoola sizituluka pakhomo pathu kupita kwa wofulula aliyense, ngakhale atabwera ndi ndalama m'manja. Zaka khumi tamanga dzina, lisagwe chifukwa cha thumba limodzi.

Pomaliza, ngati anthu amene amwa thobwa kapena mowa wa mgolo umodzi ayamba kumva m'mimba, kusanza, kutsegula m'mimba kapena kufooka, musadikire kuti kuche ndipo musayambe kusaka mfiti. Imitsani kumwa nthawi yomweyo, thamangitsani odwala kuchipatala, dziwitsani alangizi a zaumoyo, ndipo mowa wotsalawo ndi ufa wake musataye, asungidwe kuti akayezedwe.

Amayi ofulula, luso lanu ine ndilibe, ndipo sindinabwere kudzakuphunzitsani kufulula. Ndangopempha masiku anayi, kansalu konyowa ndi njere 100 musanaviike thumba lakale. Amene mukufuna tichitire limodzi koyamba, bweretsani mbewu yodzaza dzanja pa tsiku la msonkhano wa kalabu yanu, ine ndibwera ndi botolo ndi mchere.